Makalata Khumi ndi Awiri a Saulos Namakhwa

Alamu anga a Saulos Namakhwa anali munthu woti mukawaonetsa ntchito m'mawa, pofika masana ayamba kukuonetsani inuyo pamene mukulakwitsa. Sikuti ndikuwatama ayi. Ine ndine Meshack, mchimwene wake wa Veronica amene iwo anakwatira, ndipo pa anthu onse a kuno ku nyanja ya Chilwa, amene alibe chifukwa chowatamira ndine. Koma luso lokha anali nalo, pamenepo sindinganame.

Anabadwira m'mudzi woyandikana ndi wathu, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera padoko la Kachulu. Makolo awo anali Alomwe amene anawoloka kuchokera kwa Apwitikizi iwo asanabadwe. Sukulu analekezera Sitandade 2 ku mishoni. Chinyanja ankawerenga bwinobwino, koma m'Chingerezi ankangozindikiramo dzina lawo basi.

Inawatulutsa m'mudzi ndi njala ya 1949, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anakayamba ku esiteti ya fodya cha ku Thondwe, kusankha masamba, masheleni khumi ndi awiri pa tikiti. Tikitiyo inali kapepala kamene kapitawo ankachonga tsiku lililonse logwira ntchito, ndipo masiku akakwana makumi atatu munthu ankalandira zake. A Saulos anamaliza matikiti atatu. Kenaka anamva kuti mzungu wina ku Zomba akufuna munthu wa m'dimba la maluwa pa masheleni khumi ndi asanu, uyo ulendo. Kumeneko anakhala miyezi inayi, n'kuphunzira kusita ndi kuphika buledi pongosuzumira kukhitchini. Atachoka apo anakalowa kwa Mmwenye wa sitolo ku Songani, kumene ankapalasa makina osokera pakhonde. Kenaka kumsewu, kenaka kocheka matabwa m'phiri la Zomba, kenaka ku galaja ina ku Limbe. Zinazo ndaiwala ndondomeko yake, ndipo ndikukaika ngati eni akewo akanazitchula zonse osadumpha.

Masiku amenewo munthu akamachoka pantchito ankapempha kalata kwa bwana wake, yonena kuti uyu wagwira kwa ine kuyambira tsiku lakuti kufikira lakuti, ndipo khalidwe lake ndi lotere. Ambiri sankailandira chifukwa ankachoka chozemba. A Saulos ayi. Iwo ankatsanzika kukadali mwezi wathunthu, kubweza zipangizo zonse zili zotsuka, n'kuima pakhomo la ofesi chipewa chili m'manja mpaka kalata ilembedwe. Makalatawo ankawasunga m'chitini cha mabisiketi, atawakulunga m'kansalu.

Tisawaseke msanga, chifukwa tonsefe tinkaganiza chimodzimodzi. Kwathu munthu wolemekezeka anali woyenda. Wobwera ku Halale kapena ku Joni ankapatsidwa mpando enafe tili pamphasa, ndipo akamatchula maina a malo amene anafikako tinkangoti kukamwa yasa. Ndiye mnyamata wa makalata ambiri tinkamuona ngati munthu wa nkhokwe ziwiri. Komanso poyamba kudumphadumphako kunkapindula ndithu. Pofika 1954 a Saulos anali pa masheleni makumi anayi ndi asanu. Mnzawo wa ku galaja ya ku Limbe ija, Che Bakali, Myao wa pa Kachulu pomwepa, anali atakhala pamalo amodzi zaka zisanu, n'kungokwera kuchoka pa khumi ndi asanu kufika pa makumi awiri ndi awiri. A Saulos akakumana nawo ankawaseka poyera.

"Che Bakali, kodi anakukhomererani ndi misomali pansi pa galimoto?"

Che Bakali ankangomwetulira n'kupitiriza kupukuta sipanala.

Chaka chomwecho anakwatira mlongo wanga. Monga mwa mwambo wathu anabwera kudzakhala kwathu, kuchikamwini. Amalume athu anali atapita ndi njala ija, choncho nkhoswe ya kuchikazi, woimira banja lathu pa za ukwatiwo, ndinali ine. Nyumba anamanga yabwino zedi, ya mawindo a matabwa otseguka, yoyamba yotero m'mudzi mwathu. Koma dothi la m'zipupa lisanaume n'komwe, anali atabwerera ku Limbe. Ankabwera pakapita miyezi iwiri kapena itatu, atanyamula shuga ndi sopo, aliyense n'kukondwa. Mu 1955 kunabadwa mwana wamkazi, Mary.

Mary anamwalira mu Febuluwale 1956, mvula ili pakati. Anangotentha thupi masiku atatu. Ine ndinapalasa njinga m'matope mpaka ku Zomba, n'kukwera basi ya ku Limbe kukanena uthenga. Kumene tinkadziwa kuti a Saulos akugwira, pamalo ena okonza njinga, anandiuza kuti anachoka Khirisimasi isanafike, ati ali kophika buledi. Kophika buledi anati anachoka sabata zitatu zapitazo, anatsanzika bwinobwino, koma kumene analowera sakudziwa. Ndinazungulira Limbe masiku awiri ngati wamisala, kufunsa aliyense wovala ovolosi. Maliro anaikidwa bambo wake wa mwana kulibe, inenso malume wake kulibe.

A Saulos anatulukira mu Epulo, ali ndi kadiresi kofiira ka mwana m'thumba. Za tsiku limenelo sindinena zambiri. Veronica analandira kadiresiko, n'kukapinda bwinobwino, n'kukaika pamphasa pakati pa awiriwo.

Sabata yotsatira tinakhala pansi, ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Mayi athu ankafuna kuti ukwati uthe tsiku lomwelo. Veronica ndiye anakana, n'kunena mawu ake yekha atawerama.

"Bambo a Mary, ine shuga sindikumufuna. Mupeze ntchito yoti ndikatuma munthu m'mawa, akupezeni dzuwa lisanalowe. Mukadzachokanso ine osadziwa kumene muli, ukwati watha, ndipo sipadzakhalanso zokambirana."

A Saulos anavomera misozi ili chuchuchu. Ndikhulupirira kuti tsiku limenelo anavomera ndi mtima wonse.

Mwayi unabwera mu Juni. Pa Kachulu panali a Harry Chikopa, amene tinkawatchula kuti a Sajeni chifukwa anamenya nkhondo ku Burma. Iwowa anali atagula lole yakale yoti izinyamula matemba ndi milamba youma kupita ku Zomba ndi ku Limbe, ndipo ankafuna dalaivala wodziwanso kukonza injini. Malipiro anali mapaundi atatu ndi theka pamwezi, paundi imodzi ili masheleni makumi awiri, ndipo laisensi yoyendetsera anati adzalipira a Sajeniwo. Kwa a Saulos panalibenso ina yoposa imeneyi: ndalama zambiri, kwinaku akugona kunyumba. Kuyendetsa ankatha, anaphunzira posuntha magalimoto a eni ake m'bwalo la galaja. Ofuna ntchitoyo anali awiri, iwo ndi Che Bakali.

Kutatsala tsiku limodzi anabwera ndi chitini chija kwa ine kuti ndiwawerengere, poti ndinali mphunzitsi wothandizira kusukulu ya mishoni ndipo Chingerezi ndinkachikwanitsako. Makalata khumi ndi awiri, abale! Onse abwino. Wina akuti ndi wanzeru, wina akuti saba, wina akuti samwa mowa. Ndipo onse ankathera pa mawu amodzimodzi: wachoka mwa kufuna kwake. Nditafika pa kalata yachisanu ndi chitatu ndinayamba kuda nkhawa, koma sindinkadziwa bwinobwino chimene chikundivuta.

"Alamu, bwanji mungotenga ya ku galaja yokha? Enawa asiyeni."

"Aa, alamu, mwayamba nsanje eti? Che Bakali ali ndi kalata imodzi. Imodzi yokha! Ndiye ine ndisiye yonseyi kunyumba kuti tikafanane?"

Sindinalimbikire. Kunena zoona, nanenso ndinaona ngati akunena zanzeru.

M'mawa mwake ndinawaperekeza. Kunali kuzizira, mphepo ikuchokera cha ku chilumba cha Chisi, amayi akuyala matemba pa mathandala. A Sajeni anayamba ndi injini. Anali atamasula dala kanthu kena kuti lole isalire, ndipo Che Bakali anafufuza pafupifupi ola lathunthu mpaka anakapeza. A Sajeni atamasulanso kena, inakwana nthawi ya a Saulos. Iwo anangopukusa hendulo yolizira injini kawiri, kutchera khutu, kulowetsa dzanja m'kati, injini n'kulira. Anthu amene anasonkhana anaomba m'manja, ine ndiye mtima unakhala pansi.

Kenaka makalata. Ya Che Bakali sinatenge nthawi: zaka zisanu ndi ziwiri pamalo amodzi, basi. Ya a Saulos, a Sajeni anaiyala yonse pa boneti ya lole, n'kumaipsinja ndi timiyala kuopa mphepo. Ine ndinkadikira kuti awerenge mawu otama aja. Ayi ndithu. Chala chawo chinkangopita pa madeti, loyambira ndi lomalizira, milomo ikuyenda.

"Miyezi itatu. Inayi. Iwiri. Isanu. Iyi isanu ndi iwiri, ndiye yaitali kuposa yonse. A Namakhwa, pa mabwana khumi ndi awiriwa, anakuchotsani ndi angati?"

"Palibe, bwana!" anayankha a Saulos, chifuwa chili patsogolo.

"Nanga amene anakumanani malipiro, kapena kukumenyani?"

"Palibenso."

"Ndiye chikundiopsa n'chimenecho," anatero a Sajeni. "Akanakhala kuti ankakuchotsani, ndikanafunsa cholakwa chanu n'kuona ngati ndingachipirire. Koma inu mumachoka pabwino. Ine ndilipire laisensi, ndikuonetseni njira ndi ogula anga onse, ndiye pofika Khirisimasi wina ku Limbe akuwonjezereni masheleni asanu, lole yanga igone pano nsomba zikufumbwa? Manja anu ndawaona, aposa a Che Bakali kutalitali. Koma ine ndikufuna munthu woti ndidzamupeze chaka chamawa."

A Sajeni sanali munthu wankhanza, anapitiriza.

"Lole atenga Che Bakali. Inu ngati mufuna, khalani wowathandiza: kukweza mitanga, kupukusa hendulo, kukonza ikafa panjira. Masheleni makumi awiri ndi asanu. Mukakhala zaka ziwiri ndidzagula lole yachiwiri, ndipo idzakhala yanu, laisensi ndi zonse."

Makumi awiri ndi asanu! Ndalama imene anali ataidutsa kale zaka zinayi m'mbuyomo. Komanso pansi pa Che Bakali, munthu amene iwo ankamuseka za misomali. A Saulos anatola makalata aja imodziimodzi, timiyala tikugwera pansi, n'kutseka chitini. Anaima kanthawi akuyang'ana njira ya kumudzi. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Ndiyambe liti, bwana?"

Anagwira ndithu. M'mamawa ankapita kudoko, kukweza mitanga ya nsomba, n'kukhala pamwamba pa katundu kumbuyo kwa lole, fumbi lonse la msewu wa ku Zomba likuwathera m'maso, Che Bakali ali phee pachiwongolero. Che Bakali sanawabwezerepo chipongwe ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo n'zimene zinkawawa kwambiri. Asodzi a pa Kachulu ndiye analibe chisoni. Mwezi ukangotha ankawakuwira ali m'mabwato, "A Namakhwa, mukadalipo?" Iwo ankaseka nawo, koma kuseka kwake kwa mano okha.

Kunyumba zinthu zinayamba kubwerera m'malo. Veronica anayambiranso kuimba kwaya kutchalitchi. A Saulos analima munda wa apongozi awo kwa nthawi yoyamba chikwatirire, ndipo mayi athu, amene sankawayankha n'komwe moni, anayamba kuwasungira maungu. Pofika Januwale 1957 tonse tinadziwa kuti mlongo wanga ndi woyembekezera. Miyezi isanu ndi iwiri ija inakwana, n'kudutsa. Ine ndinati basi, munthu uja wakhazikika.

Mu Febuluwale lole inafera m'dothi lamakande pakati pa Kachulu ndi Zomba, itadzaza nsomba, mvula ikubwera. Che Bakali anayesa izi ndi izo, osatheka. A Saulos analowa pansi m'matope momwemo, n'kumanga paipi yothyoka ndi waya ndi chidutswa cha chubu ya njinga, lole n'kufika ku Zomba nsomba zisananyowe. A Sajeni anathokoza kwambiri pamaso pa anthu. Apo a Saulos anaona kuti nthawi yake ndi yomweyo, n'kupempha kuti malipiro akwere afike mapaundi awiri.

"Tinapangana zaka ziwiri, a Namakhwa," anatero a Sajeni. "Zatsala chaka ndi miyezi inayi. Pirirani."

Zotsatirazi a Saulos anandiuza okha pambuyo pake. Sabata yomweyo anamva kumsika wa ku Zomba kuti kontilakita wina amene ankamanga nyumba kumeneko akufuna amakaniko pa mapaundi atatu. Nkhani ija inawalowa m'mutu, osatulukanso. Anadziuza kuti Zomba si kutali, munthu wa njinga akhoza kuwapeza dzuwa lisanalowe, ndiye pangano la Veronica silisweka. Koma kumuuza Veronicayo anaopa, ankadziwa kuti akana. Anaganiza zoyamba apeza ntchitoyo, kenaka abwere ndi nkhani yabwino ili m'manja. Kwa a Sajeni ndiye anachita monga mwa chizolowezi chawo. Anatsanzika kukadali mwezi, n'kupempha kuti nkhaniyo isamveke padoko. A Sajeni anawachenjeza kamodzi kokha, kenaka anangopukusa mutu. Kumapeto kwa Malichi a Saulos anabweza masipanala onse ali otsuka, n'kulandira kalata yawo. M'mawa mwake anatuluka m'nyumba nthawi yomwe ankatulukira masiku onse, chitini chili m'kati mwa jekete.

Ku Zomba kalaliki wa kontilakita uja sanafune n'kuona komwe zimene manja awo amatha. Anangotsegula makalata, kuyang'ana madeti, n'kunena kuti malo a amakaniko adzaza, koma ngati afuna akhoza kumakanda simenti pa masheleni makumi awiri. Pamalo ena a Saulos anayesa nzeru yanga ija, kuonetsa makalata awiri okha. Kumeneko anawafunsa kuti, nanga zaka zinazi munali kuti, kundende? Kubwerera ku Kachulu manja ali m'thumba anachita manyazi, ndiye anati ayese ku Limbe, kwa masiku awiri okha. Mwini galaja ija anawakumbukira, anawapatsa moni wansangala, n'kuwauza kuti ndinu waluso zedi koma ine sindiphunzitsa munthu mmodzi kawiri. Masiku awiri aja anasanduka sabata zitatu.

Veronica anamva tsiku loyamba lomwelo, masana, kwa amayi ogula nsomba amene ankachokera kudoko. Iwo anangomufunsa mwachifundo kuti, kodi amuna anu aja apeza ina kuti, poti lole yapita ndi munthu wina? Anadikira tsiku limenelo, ndi linzake. Lachitatu lake anabwera kusukulu kumene ndinkaphunzitsa, n'kuima pawindo.

"Achimwene, kaitaneni ankhoswe awo."

Ine, ndi ukali wanga wonse pa munthu ameneyu, ndinamupepesera. Ndinati tidikire, mwina ali pa Zomba pomwepa, komanso taganizirani mmene muliri. Veronica anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Inuyo mukudziwa kumene ali?"

Sindinkadziwa. Ankhoswe a kuchimuna anabwera, anamva, ndipo anavomereza kuti ukwati watha, chifukwa pangano lija analimva ndi makutu awo. Kwathu kuno ukwati ukatha, mkamwini amatenga zake zokha. Nyumba, munda ndi ana zimatsala kuchikazi. Sutikesi yawo, bulangete ndi bokosi la zipangizo zinabwera kudzasungidwa kwa ine.

A Saulos anafika Loweruka masana, ataonda, nsapato zili m'manja. Anapeza Veronica akupeta mpunga pakhonde, ine ndili chapafupi pompo chifukwa ana anali atandiuza kale kuti awaona panjira. Ananjuta pabwalo ngati mlendo.

"Mayi a Mary, ndimafuna ndikupezereni zabwino. Ndimati Zomba ndi pafupi."

"Munali ku Zomba?"

"Poyamba. Kenaka ku Limbe."

"A Sajeni munawatsanzika?"

"Eya, kukadali mwezi."

"Mwezi wathunthu," anatero Veronica. Anaika lichero pansi. "Mwezi wathunthu mukudya nane, mukugona m'nyumba muno, mukudziwa. A Sajeni ankadziwa, Che Bakali ankadziwa. Ine ndinamva kwa amayi ogula nsomba."

Sanakuwe, sanatukwane. Anatola lichero lake, kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Katundu wawo ndinamangirira panjinga yanga n'kuwaperekeza mpaka pamsewu wa ku Zomba. Ndinali wokwiya nawo, komanso ndinkawamvera chisoni, zonse pamodzi. Titafika pamsewu ndinawafunsa kumene akupita. Anati akukalembetsa za ku Joni, kumigodi, chifukwa kumeneko safunsa makalata, amangoyeza chifuwa. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kusenza sutikesi pamutu.

Mwana anabadwa mu Julayi, wamwamuna. Tinadikira sabata ziwiri kuti mwina kuchimuna kubwera dzina. Pomaliza dzina ndinamutcha ndine.